Chigoli chimodzi chija, ndi zaka zonse zomwe sitinazione

October wa ku Mangochi sachita kufotokoza, amachita kumumva pakhungu. Ikamakwana 10 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kuthetheka, nkhuku zayasama pansi pa mitengo, ndipo aliyense amene alibe chifukwa chenicheni choyendera amakhala wasaka mthunzi. Tsiku lina lotere ndinali pakhonde kwa amalume, cha ku Mpondasi, pamene mwana wawo wa Folomu 2 anabwera chothamanga, foni ili m'manja.

"Asuweni, taonani izi! Anthu akusewera pa ayisi!"

Kanali kavidiyo ka masekondi 14, ka masewero a hockey ya pa madzi oundana. Munthu wavala ngati akupita kunkhondo, chisoti kumutu, ndodo yopindika kunsonga m'manja, akutsetsereka liwiro la njinga yamoto. Wazemba mmodzi, wazemba wachiwiri, wamenya, nyali yofiira yayaka kuseri kwa golo, bwalo lonse laimirira. Tinakaonera katatu, ife thukuta lili chuchuchu, anzathuwo ali pa ayisi.

"Ameneyu ndiye akuumva kukoma moyo," anatero msuweni wangayo. "Kungomwetsa chigoli basi, ndalama mbwee."

Amalume, omwe theka la moyo wawo alithera panyanja usiku, sanadzutse n'komwe mutu pa ukonde umene ankasoka. Anangoti: "Iwe umaona usipa ukakhala pathandala. Masiku amene timabwerako chimanjamanja umakhala uli m'tulo."

Mawu amenewa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe lero. Ife a mafoni tazolowera kumudziwa munthu kudzera m'masekondi 14. Wosewera mpira timamudziwa choncho, ndipo mwatsoka ngakhale abale athu omwe ali kunja tayamba kuwadziwa chimodzimodzi. Tiyeni tione zomwe zimadulidwa kavidiyo kasanafike pafoni pathu.

Mwana wa kuno kwathu

Ngati tikufuna wosewera kutsogolo woti timuone bwinobwino, sitifunika kuyambira ku Canada. Tili naye wathu wa mpira wamiyendo, wobadwira m'boma lomwe lino mu January 1994: Richard Mbulu.

Funsani aliyense wotsatira Flames kuti Mbulu amamukumbukira ndi chiyani, yankho limakhala limodzi: Uganda. Linali Lolemba pa 29 March 2021, pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, masewero omaliza a m'gulu lathu polimbirana malo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations. Uganda inkangofunika kulepherana nafe mphamvu basi kuti ipite. Ife tinkafunika kupambana, panalibenso njira ina. Pagolo pawo panali Denis Onyango, goloboyi wa Mamelodi Sundowns, munthu amene anali atanyamulapo kale chikho cha CAF Champions League mu 2016. Patangotha mphindi 15, mpira unabwera m'mwamba, Mbulu anaupeza ndi mutu, ukonde n'kugwedezeka. Mphindi 75 zotsalazo dziko lonse linazithera mtima uli m'mwamba. Wenzulo yomaliza italira, anyamata a Meck Mwase anali atapeza malo ku mpikisanowu kachitatu m'mbiri yathu, kutsatira 1984 ndi 2010.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku koleji, ndikumvera pa wailesi ya pafoni. Amayi, omwe sadziwa n'komwe kuti ofusayidi n'chiyani, anandiimbira kuti akabaza asokosa ndi mabelu msewu wonse, ati mwana wa kwathu wachita zazikulu.

Chigoli chimenecho, kuchokera pamene mpira unanyamuka mpaka kugwera muukonde, chinangotenga masekondi owerengeka. Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mbulu anadziwika ali ku MAFCO, timu ya asilikali ya ku Salima. Mu 2016 ndiye anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu TNM Super League, zigoli 19. Chaka chotsatira anapita ku Costa do Sol ya ku Maputo. Kenako anakaponda ku Portugal, ku Sanjoanense, timu ya m'ligi yaing'ono cha kumpoto kwa dzikolo, komwe sanakhaleko nthawi yaitali. Anabwerera ku Maputo, ndipo mu 2019 anasaina ku Baroka FC ya m'chigawo cha Limpopo ku South Africa. Werengani bwino: mayiko anayi m'zaka zosakwana zinayi. Tikamawerenga chonchi zimaoneka ngati munthu akungokwera. Koma kwa amene akuyendayo, kulikonse n'kuyambiranso: chiyankhulo chatsopano, kochi watsopano amene sadziwa kuti umakonda mpira wotani, nyumba yachilendo, ndiwo zachilendo, ndi anzako atsopano omwe ena mwa iwo akufuna malo ako omwewo.

Ku Baroka zigoli sizinkabwera monga zinkachitira ku MAFCO, ndipo ambiri a ife mayankho tinali nawo kale pa Facebook: watha ameneyu, wakhuta ndalama, ankangoonekera chifukwa ligi yathu ndi yofooka. Koma taganizani mmene ntchitoyi imayendera. Wosewera kutsogolo ali ngati mayi wogulitsa nsomba pamsika: asodzi akapanda kupha, iye alibe choyala pabenchi. Baroka inali timu yokhalira kulimbana ndi kutuluka mu ligi, ndipo mu 2022 inatulukadi. Timu yotere nthawi yambiri imakhala ikutchinga kumbuyo. Wakutsogolo amatsala yekhayekha pakati pa zimphona ziwiri, kuthamangira mipira yongoponyedwa, kulandira zigongono, mwina kupeza mpata umodzi wokha pa mphindi 90 zonse. Akauphonya, kavidiyo kamene kazungulire m'magulu a WhatsApp ndi komweko. Onjezerani apo kuti ligi ya ku South Africa imalola timu kulembetsa osewera akunja asanu okha. Mlendo amene sakumwetsa amagona akudziwa kuti malo akewo pali wina wa ku Zambia kapena ku Zimbabwe amene akuwadikirira.

Munthu amene anadumphira mpira uja pa 29 March anali atasenza zonsezi. Ife tinangoona kudumphako.

Ndipo taonani mmene ntchitoyi imaiwalitsira msanga. Patangotha miyezi khumi, ku Cameroon mu January 2022, dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense linali la Gabadinho Mhango: zigoli ziwiri zogonjetsera Zimbabwe 2-1, kenako chija chapatali chomwe anamwetsa Morocco ku Yaoundé. Mhango anayenera kutamandidwa, palibe angatsutse. Koma pakanapanda mutu wa Mbulu mu March, bwenzi ku Cameroon tikungoonera anzathu.

Tibwerere pa ayisi paja

Usiku wa tsiku lomwe lija, ine ndi msuweni wanga tinathera bandulo kufufuza masewero achilendowo. Mwachidule amayenda chonchi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi pabwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu, wapakati ndi am'mbali awiri. M'malo mwa mpira amamenya kachimbale kakuda ka labala wolimba kotchedwa puck. Kamalemera pafupifupi magalamu 170, ngati foni yomwe mwagwirayo, koma kakamenyedwa mwamphamvu kamatha kuthamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti wakutsogolo sakhalitsa pabwalo. Amalowa, kuthamanga ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, kutuluka kukapuma, anzake n'kulowa masewero ali mkati. Ndiye kuti ngakhale katswiri weniweni nthawi yambiri amaithera pabenchi, kudikira.

Ligi yaikulu kwambiri ya masewerowa ndi NHL, ya matimu 32 a ku United States ndi Canada. Kumeneko kuli mayina olemera. Wayne Gretzky anapuma atamwetsa zigoli 894, ndipo anthu ankati palibe adzamupose, mpaka pa 6 April 2025 pamene Alexander Ovechkin wa ku Russia anamwetsa chake cha 895, atasewera zaka pafupifupi 20 ku Washington Capitals. Koma amene anandigwira mtima ine ndi wina, munthu amene mu ligi imeneyi anamwetsa zigoli zinayi zokha.

Dzina lake ndi Willie O'Ree. Anabadwa mu 1935 ku Fredericton, ku Canada, chitsirizira m'banja la ana 13. Pa 18 January 1958 anavala yunifolomu ya Boston Bruins pokumana ndi Montreal Canadiens, n'kukhala munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL. Chaka chimenecho anasewera kawiri kokha, n'kubwezedwa ku ligi yaing'ono. Anabwereranso m'nyengo ya 1960 mpaka 1961, anasewera masewero 43, anamwetsa zinayi zija, basi khomo linatsekeka. Onse pamodzi masewero 45. Panapita zaka mpaka 1974 kuti wakuda wina, Mike Marson, alowe mu ligiyi.

Zomwe ochemerera sankadziwa ndi izi. Pafupifupi zaka ziwiri asanafike ku Boston, puck inamumenya kumaso, diso lakumanja n'kusiyiratu kuona. Dokotala anamuuza kuti za masewerowa aiwale. Iye anabisa nkhaniyi, podziwa kuti matimu akamva sangamulembe. Choncho ankasewera mbali yakumanzere ndi diso limodzi, zomwe zinkamukakamiza kutembenuza mutu wonse kuti aone puck yochokera pakati, kwinaku anthu olemera makilogalamu 90 akumuthamangira. Pamwamba pa izo panali mawu onyoza khungu lake ochokera kwa ochemerera ndi osewera anzake, ndipo ku Chicago anachita kuguluka mano atamenyedwa ndi ndodo.

Atachoka ku Boston sanapachike nsapato. Anapitiriza m'maligi aang'ono, makamaka ku Los Angeles Blades ndi San Diego Gulls. Ku Los Angeles kochi anamusinthira mbali yakumanja kuti diso labwino lija lizipenya mkati mwa bwalo, ndipo zigoli zinayamba kubwera, moti kawiri konse anafika pa zigoli 38 m'nyengo imodzi mu Western Hockey League. Anasewera mpaka 1979, ali ndi zaka 43. Atapuma anagwira ntchito zosiyanasiyana, kuphatikizapo ya chitetezo pa hotela ina kufupi ndi San Diego. NHL inadzamukumbukira mu 1998 pomupatsa ntchito yokopa ana a mitundu yonse ku masewerowa. Mu 2018 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame, ndipo pa 18 January 2022 timu ya Boston inapachika nambala yake 22 kuti wina asadzaivalenso. Tsiku limenelo ife tinali otanganidwa kusangalala kuti talepherana mphamvu ndi Senegal 0-0 ku Bafoussam.

Mukafuna kupanga kavidiyo ka zigoli za O'Ree mu NHL, sikangakwane mphindi imodzi. Koma munthuyu anadya za masewerowa zaka zoposa 20. Zambiri mwa zakazo zinali za m'mabasi, m'timahotela totchipa, m'matauni omwe mayina ake sitiwadziwa. Umenewo ndiye moyo weniweni wa wosewera kutsogolo, kaya pa ayisi kaya pa kapinga. Ovechkin ndi mmodzi. A O'Ree ndi a Mbulu ndiwo ambiri.

Wathu wa ku Joni

Mwina mukuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife amene sitimenya mpira? Kuno ku Mangochi zikutikhudza kwambiri, chifukwa n'kovuta kupeza banja lomwe lilibe "wakutsogolo" wake. Kaya ndi ku Namwera, ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Monkey Bay, mupeza nyumba yomwe maso ake onse ali pa mwana mmodzi amene anakwera basi, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ameneyo ndiye timadikira kuti amwetse. Akatumiza ya malata, timaimba mabelu. Akakhala chete miyezi iwiri, timayamba kuyankhula ngati masapota okwiya.

Ndinene za ine mwini, ngakhale zimandichititsa manyazi. Achimwene anga aakulu ali ku Johannesburg. Chaka china panapita miyezi itatu osatumiza kalikonse, fizi ya mchemwali wathu wamng'ono itafika pakhosi. Ndiye tsiku lina ndikuona pa status, ali chilili patsogolo pa sitolo yaikulu, avala jekete yatsopano, akumwetulira. Magazi anandiwira. Ndinalemba osaganiza kawiri: "Mwatiiwala eti? Ya zovala ikupezeka, koma ya sukulu ya mwana ayi."

Anawerenga, osayankha. Patapita masiku awiri anatumiza uthenga wa mawu, akuyankhula motsitsa ngati pali ena akugona pafupi. Shopu imene ankagwirako inali itatsekedwa. Chipinda anali atachisiya, ankagona pansi kwa mnzawo. Jekete ija inali yobwereka. Chithunzicho anachiika dala kuti amayi akachiona mtima ukhale pansi, asadwale ndi maganizo.

Ndinamvera uthengawo kanayi. Ine wa digiri, amene ndimadzitcha wozindikira, ndinaweruza m'bale wanga ndi chithunzi chimodzi, ndendende mmene tinkaweruzira Mbulu ndi mpata umodzi wophonya. Ndinapepesa, ndipo iwo anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinadzikhululukira ndekha.

Wosewera amene wapita ku Maputo kapena ku Limpopo ndi munthu wapaulendo wokasaka ntchito, monga achimwene angawo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akalakwitsa pantchito dziko lonse limaonera, ndipo ena mwa oonerawo amakhala ataikapo ndalama. Apa ndiye pamene kubetcha kwatiwonongera maso. Munthu ukaika ndalama yako ya ndiwo pa timu, wosewera amasiya kukhala munthu, amasanduka nambala ya pa tikiti. Akaphonya, umaona ngati wakubera m'thumba, ndiye umathamangira pa tsamba lake kukamutukwanira makolo. Komatu tikitiyo unadula wekha, iye sanakutume. Ndipo ndemanga zimenezo zimawerengedwa. Akapanda kuwerenga mwini wake, amawerenga mkazi wake, mlongo wake, mwina mayi ake kumudzi powerengeredwa ndi mdzukulu.

Kwa amene mukulota zosewera

Sindikunena kuti msuweni wanga asiye kulota. Luso kuno lilipo. Ana a ku Canada amaphunzira hockey pa madamu oundana kuseri kwa nyumba chifukwa n'zimene dziko lawo linawapatsa. Ife linatipatsa mchenga. Pitani ku Chembe kapena ku Makawa dzuwa likapendeka, muone ana opanda nsapato mmene amaukhazikira mpira pachifuwa. Si zachabe zimenezo: timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga inafika ku mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Vilankulo, Mozambique, mu 2022, n'kudzafikanso ku Hurghada, Egypt, mu 2024. Koma amene akulota alote maso ali otsegula.

Choyamba, ntchitoyi ndi yaifupi. Wakutsogolo amadalira liwiro ndi mawondo, ndipo zonsezi zimayamba kutsazika munthu akadutsa zaka 30, pomwe anzake a ntchito zina akungoyamba kukhazikika. Bondo limodzi likhoza kutseka nkhani yonse Loweruka limodzi. Ngakhale O'Ree, amene anapirira mpaka zaka 43, anafunikabe ntchito ina atapuma. Ndiye satifiketi ya Folomu 4, kapena luso la manja monga ukalipentala, kuwotcherera zitsulo kapena kukonza injini za maboti, sizolepheretsa mpira. Ndi zimene udzadye wenzulo yomaliza ikadzalira.

Chachiwiri, chenjerani ndi anthu obwera ndi malonjezo pa WhatsApp. Munthu akakuuza kuti tumiza ndalama kuti akupezere timu ku Ulaya, imeneyo ndi mbedza yokhala ndi nyambo. Timu yomwe ikukufunadi imalemba kalata, ndipo kusamuka kwa wosewera kupita dziko lina kumadutsa ku Football Association of Malawi, yomwe imapereka chikalata chomumasula. Malamulo a FIFA saloleza kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Makolo, wina akabwera kuti akufuna kutenga mwana wanu wa zaka 15 kupita naye kunja kukasewera, funsani mafunso ambiri musanagulitse mbuzi. Pasipoti isachoke m'manja mwa mwini wake. Kontirakiti iwerengedwe ndi munthu wodziwa musanasaine, makamaka ikakhala ya m'Chipwitikizi kapena chiyankhulo china chomwe simuchimva.

Chachitatu, phunzirani kukhala ndi chilala cha zigoli, chifukwa chidzabwera ndithu. Palibe wakutsogolo amene sichinamugwerepo. Asodzi amadziwa bwino zimenezi. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, maboti amagona pamtunda masiku angapo. Nyengo yotseka nyanja ikafika, makoka amapachikidwa. Msodzi wanzeru nthawi imeneyo amasoka ukonde, kumata bwato, ndipo amakhala atasungako kangachepe pa tsiku lomwe anapha zambiri. Nthawi zina chofunika n'kusintha mbali, monga anachitira kochi wa ku Los Angeles uja. Munthu anali yemweyo, diso linali limodzi lomwelo, koma atamuika poyenera zigoli zinabwera.

Kwa ife otsala pakhomo

Ife amene tili kumbuyo, ntchito yathu ndi yotani? Mu timu yabwino, wakutsogolo akakhala pa chilala otchinga kumbuyo amalimbikira kuti asagoletsedwe mpaka mnzawo atapezanso phazi. Chigoli cha Mbulu chikanakhala chopanda ntchito pakanapanda anthu khumi amene anachiteteza mphindi 75. Mutu umodzi susenza denga. Banja lomwe laika katundu yense pa mwana mmodzi wa ku Joni lili ngati timu yomwe ikungoponya mipira kutsogolo, aliyense manja m'chiuno kudikira chozizwitsa.

Ndiye tiyeni tiyese izi. Ndalama ikabwera, ina ilowe m'chinthu chobereka, kaya ndi mbuzi, kaya ndi kabizinesi ka usipa wouma, kaya ndi kumunda, kuti mwezi wa chilala usatipeze tili manja lende. Amene tili ndi mphamvu pano tigwire zathu, tisasandutse m'bale wathu banki. Ndipo tisinthe funso loyamba. Ambiri tikaimba foni timayamba ndi "mutumiza liti?" Tayesani kuyamba ndi "mwadya chiyani lero?" kapena "mukugona pabwino?" Mudzadabwa zimene mudzamve. Anthu athu ambiri kunjako akusewera ndi diso limodzi ngati O'Ree, atabisa bala lawo poopa kuti akalitchula ataya malo, kapena kuti kunyumba tiwaona ngati olephera.

Madzulo a tsiku lija kwa amalume, dzuwa litapepa, anyamata a ntchito yapanyanja anayamba kusonkhanitsa nyali ndi mafuta. Msuweni wanga anali akadali pafoni, akubwereza kavidiyo kake. Amalume anamuitana kuti adzagwire mbali ina ya ukonde. Anaika foni m'thumba monyinyirika, n'kupita.

Ndisanachoke anandifunsa kuti, "Ndiye asuweni, Mbuluyo ndi dolo kapena ayi?"

Ndinamuuza kuti ndi dolo. Osati chifukwa cha Uganda yokha, koma chifukwa tsiku la Uganda lisanafike panali masiku ambirimbiri obwerako chimanjamanja, ndipo m'mawa uliwonse wotsatira ankamanganso zingwe za nsapato.

Ngati muli ndi wanu kunjako amene wakhala chete, muimbireni sabata ino. Za ndalama musazitchule kaye.